Mfutso wa ku Mexico

Anzanga, ndifuna kukufotokozerani za ndiwo ina ya ku Mexico. Kumeneko kuli chomera chaminga chotchedwa nopal, chimene chimaoneka ngakhale pa mbendera yawo. Nthambi zake nzathyathyathya ngati chikhatho, ndipo zanthete zimadyedwa. Alimi a ku Milpa Alta amachilima kwambiri.

Tsono vuto ndi ili: magawo 90 mwa 100 a nthambizo ndi madzi, kotero zimavunda msanga. Wofuna kusunga athyole masana, pakuti m'mamawa zimawawasa. Apale minga ndi mpeni, adule tizidutswa topyapyala tofanana, kuti tiume pamodzi. Atifutse m'madzi owira mphindi zochepa chabe, monga achitira amayi athu ndi nkhwani. Kenaka ayanike pamthunzi popita mphepo, chifukwa dzuwa laukali limafwifwitsa kubiriwira kwake.

Tikauma gwa, asinje ufa kapena atsekere m'botolo louma. Ndikuchenjezani pa chinthu chimodzi: kachidutswa kamodzi kosauma bwino kamabweretsa nkhungu, ndipo ndiwo zonse za m'chilimwe zimatayika.