Madzi Akamawinduka, Chithunzi Chimodzi Sichikwanira

Tikaima pa mlatho n'kuyang'ana kuseri kwa mzati, timaona madzi akuzungulirazungulira: apa athamanga, apo abwerera m'mbuyo. Akatswiri amatcha kayendedwe kotere kuti turbulence. Injiniya wofuna kumanga mzati wina safunsa zimene madzi akuchita pa sekondi ino. Amafuna kudziwa mphamvu imene mzatiwo uzilimbana nayo tsiku ndi tsiku. Yankho lake ndi avareji yotengedwa pa nthawi yaitali.

Nzeru imeneyi ndi ya Osborne Reynolds wa ku Manchester. Mu 1883 iye anathira utoto m'madzi oyenda mupaipi yagalasi, n'kuona kuti liwiro likakwera, mzere wa utotowo umabalalika. Mu 1895 anasonyeza kuti liwiro la madzi otere tingaligawe pawiri: avareji yake, ndi kukwera kapena kutsika kozungulira avarejiyo.

Masiku ano timayerekeza kayendedweka pakompyuta ndi mapulogalamu monga OpenFOAM. Kompyuta imawerengera liwiro ndi mphamvu ya madzi kachigawo ka sekondi kalikonse, ndipo manambala amasinthasintha ngati mumtsinje weniweni. Kuti tipeze avareji yodalirika, timasamala zinthu zitatu.

Choyamba, timataya chiyambi. Poyambitsa ntchitoyo timapatsa kompyuta manambala ongoganizira, mwachitsanzo kuti madzi onse akuyenda pa liwiro limodzi. Timadikira kuti madzi ongoganizirawo atuluke ndipo ena adutse malo onsewo kangapo, kenako timayamba kuwerengera. Tikafulumira, bodza la pachiyambi limalowa mu avareji.

Chachiwiri, timawerengera nthawi yokwanira. Titenge mzati wozungulira wa masentimita 10 m'mimba mwake, m'madzi oyenda mita 1 pa sekondi. Madzi ozungulira amachoka kuseri kwake mosinthana, kumanja kenako kumanzere, ndipo ulendo wathunthu umachitika pafupifupi kawiri pa sekondi. Tikaima titawerengera ulendo umodzi ndi theka, avareji imapendekera mbali imodzi, ngati kuti mzati ukukankhidwira kumanja nthawi zonse. Pamafunika maulendo athunthu ambirimbiri. Ndipo kuti cholakwa chichepe ndi theka, nthawi iyenera kuchuluka kanayi. Kutenga manambala pafupipafupi sikuthandiza kwenikweni, chifukwa oyandikana kwambiri amanena zofanana.

Chachitatu, timayesa yankho. Timagawa nthawi yonse pawiri n'kuyerekeza avareji ya gawo loyamba ndi ya gawo lachiwiri. Zikasiyana kwambiri, ntchito isanathe. Pa mzati wathu pali chiyeso china: avareji ya mphamvu yokankhira kumbali iyenera kuyandikira 0.

Sitisunga manambala onse, chifukwa angadzaze kompyuta. Pulogalamu imakonza avareji pa sitepe iliyonse ntchito ili mkati. Timaiuzanso kuti iwerengere kukula kwa kusinthasinthako, popeza avareji ya 0 sitanthauza bata. Mzati wokankhidwa uku ndi uku kawiri pa sekondi umagwedezeka, ndipo chitsulo chogwedezeka zaka zambiri chimatha kung'aluka.

Ophunzirafe timakopeka ndi chithunzi chamitundumitundu chimene kompyuta yatulutsa, makamaka tsiku lopereka lipoti likayandikira. Tisanachiike mu lipoti, tidzifunse kuti tinayamba liti kuwerengera, tinawerengera nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati magawo awiri aja akugwirizana. Nambala imene tilembe, tsiku lina munthu adzamangirapo mlatho.