MLANDU WA MEGATRON UNAGAWA AWERENGI PAWIRI

Kodi munthu amene anautsa nkhondo, naphetsa anthu osawerengeka, angathe kulandiridwa pakati pa adani ace cifukwa cakuti wanena kuti walapa? Funso lotere liyenera akulu-akulu a pabwalo la milandu, koma m'caka ca 2014 linabutsa mkangano waukulu pakati pa anthu okonda mabuku a zithunzi a Transformers, makamaka ku America ndi ku Britain. Woimbidwa mlanduyo sanali munthu ai, koma loboti la m'nthano locedwa Megatron.

Awerengi athu ena mwina sanamvepo za nthano imeneyi, motero nkoyenera kuyamba tafotokoza kumene inacokera. Ma Transformers anayamba monga zidole za ana. Kampani ya Takara ya ku Japan inali kupanga zidole za Diaclone ndi Micro Change, zimene mwana akazipinda-pinda zinali kusanduka galimoto, ndeke kapena mfuti. Kampani ya Hasbro ya ku America inapangana ndi Takara, niyamba kugulitsa zidolezo m'caka ca 1984 pa dzina latsopano. Pofuna kuti malonda ayende bwino, inapempha a Marvel Comics kuti apeke nthano yace. Iwo anapeka za dziko la Cybertron, kumene maloboti amoyo anagawikana magulu awiri: ma Autobot otsogozedwa ndi Optimus Prime, amene asanduka lole, ndi ma Decepticon a Megatron, amene asanduka mfuti.

AWERENGI OSAKHALA CETE

Kuyambira paciyambi, okonda nthanoyi sanali anthu ongogula ndi kukhala cete. A Marvel anakonza zotulutsa mabuku 4 okha, koma anagulidwa kwambiri kotero kuti anafika 80, nalekeza m'caka ca 1991. Ku Britain anatuluka mabuku 332 kucokera mu 1984 kufikira mu 1992, ndipo ana anali kulemba makalata amene akonzi anali kuyankha monga ngati woyankhayo ndi limodzi la malobotiwo, poyamba Soundwave, pambuyo pace Grimlock.

Mphamvu ya makalata inaoneka poyera pamene Optimus Prime anaphedwa m'kanema ya mu 1986. Ana ambiri analira, makolo nalembera kampani madandaulo, ndipo m'caka ca 1987 mtsogoleriyo anaukitsidwa m'nthano ya pa wailesi ya kanema. Patapita zaka zambiri, anthu amene anawerenga mabuku a Marvel ali ana anasonkhanitsa maina kupempha kuti nthano yakale ija ipitirire. Kampani ya IDW Publishing, imene inatenga nchito yosindikiza mabukuwa mu 2005, inabvomera, ndipo kuyambira mu 2012 mlembi Simon Furman anaipitiriza kufikira buku la 100.

Mlembi amene anautsa mkangano wa Megatron nayenso anacokera m'gulu lomweli la awerengi. James Roberts, wa ku cisumbu ca Guernsey, anakula akuwerenga mabuku a ku Britain aja, ndipo mu 2001 anadzisindikizira yekha buku lalitali la nthano za Transformers. M'caka ca 2012 a IDW anampatsa mpambo wace wa mabuku wochedwa More Than Meets the Eye, ndipo zithunzi zace zambiri anajambula ndi Alex Milne. Nthanoyo iyamba nkhondo itatha. Maloboti oposa 200, ambiri a iwo otopa ndi obvulala mumtima, akwera combo ca m'mlengalenga cochedwa Lost Light, motsogozedwa ndi Rodimus, kukafuna-funa makolo akale a mtundu wao.

WA M'MGODI ASANDUKA WAKUPHA

M'mabuku a IDW, Megatron sanayambe ali woipa. Anali wanchito wa m'mgodi, m'dziko limene lamulo linali lakuti cimene loboti lisanduka ndico cionetsa nchito yace ndi ulemu wace kufikira imfa. Wosanduka cokumbira anayenera kukumba basi, angakhale ali ndi nzeru za udokotala. Megatron analemba zotsutsa tsankho limeneli, ndipo poyamba anali kukhulupirira kuti zinthu zingasinthe popanda ciwawa. Atamangidwa ndi kumenyedwa m'citokosi, mtima wace unatembenuka. Gulu limene anayambitsa kuti limasule oponderezedwa linasanduka gulu lankhanza, ndipo nkhondo yace inatha zaka 4 miliyoni, niononga maiko ambiri pamodzi ndi okhalamo.

Tsono mu 2014, pa mapeto a nkhani yochedwa Dark Cybertron, Megatron anabvala cizindikiro ca ma Autobot nakana gulu lace. Anaimikidwa pabwalo la milandu, koma anagwira lamulo lina lakale lonena kuti angathe kuweruzidwa ndi makolo omwe aja amene combo cinali kufuna-funa. Motero m'buku la 28 awerengi anamuona ali m'combo ca Lost Light, osati monga mkaidi womangidwa unyolo, koma monga mtsogoleri mnzace wa Rodimus. Cokha cimene anamcita cinali kumpatsa mafuta ofooketsa thupi lace.

MBALI ZIWIRI

Otsutsa anakwiya kwambiri. Iwo anali kunena kuti mlandu suola, ndi kuti kupatsa wakupha mpando wa utsogoleri ndiko kutukwana amene anaphedwa. Anakumbutsa anzao kuti m'mabuku a kampani yomweyo a mu 2008 ndi 2009, asilikali a Megatron anapasula mizinda ya pa dziko lathu lino ndi kupha anthu osalakwa. Dandaulo lao lalikulu linali lakuti masamba ambiri anaperekedwa ku cisoni ca wolakwayo, pamene ofedwa sanapatsidwe mpata wokwanira wolankhula. Enanso anangoti kwa zaka 30 anadziwa Megatron monga mdani, ndipo sanafune kuti wina awasinthire.

Obvomereza anayankha kuti kulapa ndi kumasulidwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Megatron sanakane zimene anacita, ndipo ciweruzo cace cinangocedwetsedwa, sicinafafanizidwe. Iwo anati kukhala tsiku ndi tsiku pakati pa anthu amene unawaphera abale, iwo nakuyang'ana ndi diso la udani, ncilango cowawa cimene imfa ya msanga ikanampulumutsako. Anaonjeza kuti boma limene iye anaukira linalidi lopondereza, ndi kuti ma Autobot naonso anacita zonyansa zao pa nkhondo. Kwa iwo, nthano ya ana inali itakula pamodzi ndi oiwerenga.

Cocititsa cidwi ncakuti mkanganowu unapezekanso m'kati mwa nthano yeni-yeniyo. M'buku la 44, a paulendo afika pa dziko lina pamene loboti liri lonse liri ndi fano lace, ndipo mozungulira fanolo mumera maluwa oimira miyoyo imene mwini wace anacotsa. Ena apeza maluwa owerengeka, koma Megatron aima pakati pa munda wa maluwa wofika kumene maso alekeza. Palibe womdzudzula ndi mau pa tsambalo, cithunzi cokha ndico cimuimba mlandu. Pambuyo pace, m'buku la 50 la mu 2016, ambiri a m'combomo aukira motsogozedwa ndi Getaway, nataya Megatron pamodzi ndi onse omuikira kumbuyo. Cifukwa cimene anapereka cinali comwe cija ca awerengi otsutsa. Koma ngakhale apa mitima siinagwe, pakuti Getaway anadzaonetsedwa monga wacinyengo ndi wakupha, ndipo ena anadandaula kuti mlembi anaipitsa dala mfundo yabwino poiika m'kamwa mwa munthu woipa.

MATHERO AWIRI

Mpambo wa More Than Meets the Eye unatha ndi buku la 57 mu 2016, nkhaniyo nipitirira m'mabuku 25 ochedwa Lost Light kufikira mu 2018. M'buku lotsiriza, Megatron aperekedwa kwa oweruza a maiko amene anaononga, ndipo cimene cimdikira ndi imfa kapena ndende yosatha. Komanso pa ulendo wace wotsiriza, combo cija cigawika nicikhala ziwiri mwa matsenga a sayansi a m'nthano, ndipo m'combo caciwirico Megatron apitiriza ulendo pamodzi ndi anzace. Wofuna cilungamo anacipeza, wofuna cifundo anacipezanso. Ena anayamika nzeru imeneyi, ena anaiyesa kuthawa kugamula.

Cilolezo ca IDW cinatha kumapeto kwa 2022, ndipo mu 2023 kampani ya Skybound inayamba nthano yatsopano imene Megatron alinso wankhanza monga kale. Koma Megatron wolapa sanafafanizike, pakuti m'nthano ya ana ya pa wailesi ya kanema yochedwa EarthSpark, imene inayamba mu 2022, iye aonekanso ataleka nkhondo ndi kugwirizana ndi Optimus Prime.

Munthu angathe kuseka poona akulu-akulu a ndebvu zao akukangana za loboti losanduka mfuti. Koma tikaimvetsa bwino nkhaniyi, tiona kuti iwo anali kukambirana funso limene likhalapo pali ponse pamene nkhondo kapena cidani catha: wolakwa akabwerera, amulandire ndani, ndipo olakwiridwa auzidwe ciani? Otsutsa ananena zoona kuti cikhululukiro cili m'manja mwa wolakwiridwa, ndipo wina sangacipereke m'malo mwace. Obvomereza naonso ananena zoona kuti ngati njira yobwerera yatsekedwa kotheratu, palibe wankhondo amene adzatula zida. Bwalo limene limvera mbali imodzi yokha mwa ziwirizi, kaya ndi la m'nthano kaya la pamudzi, lisiya ena akudandaula.