Sitolo ya zitenje ya m'foni: za msonkho ndi zina zoyenera kudziwiratu

Lachitatu ndi Loweruka, msika wa zitenje wa ku Area 2 mumzinda wa Lilongwe umadzaza dzuwa lisanakwere. Amayi amatambasula nsalu, n'kumaifikisa ndi zala kuti amve ngati ndi thonje lenileni kapena yangolimba ndi sitachi. Pakati pawo pali ena amene sakudzigulira okha. Iwo amayala chitenje, kuchijambula ndi foni, ndipo asanakwere minibasi chithunzicho chimakhala chafika kale pa WhatsApp ndi pa Facebook, mtengo uli m'munsi.

Geni imeneyi yakopa ambiri chifukwa siilira lendi ya sitolo. Foni, bandulo ndi kampamba kochepa zimakwanira kuyambira. Koma ambiri amaiwala kuti lamulo la msonkho silisiyanitsa wogulitsa pa shelefu ndi wogulitsa pa intaneti. Onse ndi amalonda.

Msonkho woyamba umakumana ndi munthu pa chipata. Wopikula zitenje ku msika wa Taifa ku Mzuzu, ku Limbe, kapena za fakitale ya Mapeto ku Blantyre alibe nkhawa ya pa boda. Koma amene wakaoda yekha ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam ayenera kuonetsa katundu wake kwa a Malawi Revenue Authority (MRA) pa Songwe, monganso wochokera ku Kamwala ku Lusaka amachitira pa Mchinji. Pamenepo pali msonkho wolowetsera katundu komanso VAT, ndipo zimawerengedwa potengera mtengo wa katunduyo. N'chifukwa chake lisiti la kumene wapikula si kapepala kotaya. Wofika wopanda lisiti amasiyira ofesala kuti ayerekeze yekha mtengo.

Pali njira yopepukirako ya amalonda ang'onoang'ono, ya bungwe la COMESA, yotchedwa Simplified Trade Regime, imene imagwira ntchito pakati pa Malawi ndi Zambia. Koma imakhudza katundu wopangidwa m'maiko a bungweli yemwe ali pa mndandanda womwe maikowo adagwirizana. Chitenje chogulidwa ku Lusaka koma chopangidwa ku China sichilowa m'gululi. Tanzania nayo idatuluka mu COMESA m'chaka cha 2000, choncho wobwera ndi katundu wa ku Kariakoo asadalire njirayi. Ozembetsa katundu m'njira zachidule amaika mpamba wonse pachiswe, pakuti akapezeka pa rodibuloko katundu amagwidwa, chindapusa n'kubwera pamwamba.

Kunyumba nako kuli zoti zilongosoke. Dzina la bizinesi limalembetsedwa ku kaundula wa boma wa mabizinesi, kenako mwini wake amatenga nambala ya wokhoma msonkho, imene ambiri amaitcha TPIN, ku MRA. Nambalayi ndi yaulere, ndipo zambiri za msonkho masiku ano zimachitikira pa Msonkho Online. Bizinesi yaing'ono ili ndi msonkho wakewake wotchedwa presumptive tax, umene umatengera kuchuluka kwa zomwe munthu wagulitsa pa chaka. Kulembetsa VAT kumakhala kokakamiza malonda akadutsa mlingo umene boma lidaika, ndipo amene sadalembetse saloledwa kuonjezera VAT pa mtengo wa kasitomala. Milingo imeneyi imasinthasintha ndi bajeti ya boma, motero ndi bwino kufunsa ku ofesi ya MRA yapafupi chaka chilichonse. Wosunga katundu pamalo pomwe makasitomala amafikapo afunsenso ku khonsolo za laisensi.

Zonsezi zimapepuka ngati pali kope. Tsiku, mtundu wa chitenje, mtengo wopikulira, thiransipoti, msonkho wa pa boda, bandulo, ya kabaza, ndalama yodulidwa potapa ku Airtel Money kapena TNM Mpamba: chilichonse chilembedwe. Ambiri amaona ngati apindula chifukwa agula motsika n'kugulitsa mokwera, osadziwa kuti phindu lathera m'tinthu ting'onoting'ono timeneti. Nambala ya foni ya bizinesi ikhalenso yosiyana ndi yogulira ndiwo.

Mtengo nawo usamaikidwe poyang'ana za dzulo. Kwacha idatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsikanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene adagulitsa katundu wawo pa mtengo wakale adapezeka kuti ndalama ili m'manja koma siikukwanira kuodanso mulu womwewo.

Kasitomala wa pa intaneti sagwira nsalu, amangokhulupirira maso. Chitenje chijambulidwe panja, pamthunzi, osati pansi pa babu usiku pamene chofiirira chimaoneka ngati chofiira. Wogulitsa anene poyera ngati ndi mamita awiri, anayi kapena mayadi sikisi osadula, ndiponso ngati chimasuluka pochapa. Kuchapa kachidutswa kamodzi usanalengeze kumapewetsa mikangano yambiri, makamaka pa oda ya yunifolomu ya chinkhoswe kapena ukwati, pamene amayi makumi awiri amafuna mtundu umodzimodzi.

Pa kalipiridwe, uthenga wa pa foni wonena kuti ndalama yalowa si umboni, chifukwa akathyali amatha kupeka mauthenga otere. Wogulitsa aone yekha balansi asanapereke katundu kwa a kuriya kapena pa basi, ndipo agwirizane ndi wogula kuti ndalama yotumizira alipira ndani.

Malonda a zitenje ali ndi nyengo zake. Amatentha m'miyezi ya maukwati, nthawi ya Khirisimasi, ndiponso pokonzekera Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, pamene ana ambiri amagulira mayi awo chitenje. Wofuna kudzagulitsa bwino pa tsikuli ayenera kukhala ataoda katundu, atalipira msonkho wake ndi kujambula zithunzi mwezi wa Seputembala usanathe.