Konzani Nyumba Yanu Mukadali Moyo

Pamaliro ambiri, misozi isanaume, nkhani ya katundu imayamba kale. Wina akufuna makiyi a nyumba, wina akuti ng'ombe ndi za kwawo, mayi wamasiye ndi ana ali chete pakhonde. Nthawi zina malemuyo anali mkulu wa mpingo wokhulupirika pa chakhumi, amene ankanena kuti gawo la munda wake lidzathandize kumanga tchalitchi. Koma mawu apakamwa amapita ndi mwini wake kumanda.

Mneneri Yesaya atapita kwa Mfumu Hezekiya ali gone, anamuuza kuti akonze za banja lake (2 Mafumu 20:1). Kulemba wilo sikuitana imfa ayi. Ndi gawo la ukapitawo, pakuti chuma chimene Mulungu anatisungitsa sichileka kukhala chake tsiku limene tatsikira kulichete.

Banja liyambe. Mtumwi Paulo anadzudzula kwambiri munthu wosasamalira a m'nyumba mwake (1 Timoteo 5:8). Mphatso yopita ku mpingo imene isiya ana opanda fizi kapena mayi opanda pogona siilemekeza Mulungu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limatetezanso mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu.

Banja likasamalidwa, ganizirani ntchito ya Ambuye. Davide sanaone kachisi wa ku Yerusalemu, komabe anapereka golide ndi siliva wakewake kuti Solomo adzamangire (1 Mbiri 29). Ifenso tikudya zipatso za mitengo imene ena anabzala: mishoni ya Malamulo ku Thyolo inayamba mu 1902, ndipo lero odwala akuchiritsidwa pachipatala chake. Simuyenera kukhala mpondamatiki. Puloti, mbuzi zingapo, kapena gawo la ndalama za ku banki zikhoza kuphunzitsa mwana wamasiye pasukulu ya mpingo.

Wilo ikhale yolembedwa, ndipo muisayine pamaso pa mboni ziwiri. Ndi bwino mbonizo zisakhale zolandira nawo kanthu. Tchulani katundu momveka, dzina lenileni la mpingo kapena bungwe lolandira, ndi ntchito imene mphatsoyo idzagwire. Funsani loya, makamaka pa malo a makolo, chifukwa si munda uliwonse umene mungaupereke nokha. Mpingo wathu uli ndi nthambi ya Trust Services yothandiza pa nkhani zotere. Abusa anu angakulozereni kumene mungapite.

Musachite mobisa. Khalani pansi ndi akunyumba kwanu ndi ana okulirapo, afotokozereni chifukwa chake, mupemphere limodzi. Mphatso yodzidzimutsa abale pamaliro imabala milandu ndi kunyozetsa mpingo.

Ellen G. White anachenjeza kuti kupereka pa imfa kusalowe m'malo mwa kupereka tikadali moyo. Choncho pitirizani kubweza chakhumi ndi zopereka Sabata ndi Sabata, ndipo mwezi uno usanathe, tengani pepala ndi cholembera.