Baby shower ku Kanyama: ndowa, Jik ndi miyezi 24

Loweruka lapitali ndinalipira mipando iwiri pa basi ya ku Kanyama, wina wanga, wina wa bafa ya mwana. Kondakitala anaiyang'ana bafa ija, yobiriwira, yaikulu ngati bwato, nati, "Ba sister, iyi izankala pati? Lipilani chabe, nayo ni pasenja." Ndinayesa kuiika pamiyendo koma inagogoda mutu wa bambo amene anakhala kutsogolo kwanga. Basi yonse inaseka. Mayi wina kumbuyo anafunsa ngati mwana ndi wamwamuna kapena wamkazi. Nditayankha kuti sanabadwe, kuseka kunachepa. "Manje mwagula bafa mwana akalibe kubadwa?" Anapukusa mutu, ndipo sanandilankhulenso mpaka pamene ndinatsikira mu Los Angeles Road.

Ndinali kupita ku baby shower ya msuweni wanga. Dzina lake ndilisunga, chifukwa zimene ndilemba pano zikhudza nchito yake. Amagulitsa nsalu mu shopu ina ku Kamwala, ali ndi pakati poyamba, miyezi 8, ndipo sabata ino ndi yake yomaliza asanapite pa tchuthi cha uchembere, chimene tonse timangoti matenite. Phwandolo analikonza ndi anzake a kunchito, akazi 6, aliyense anasonkha K150. Ine ndinaitanidwa monga wachibale, komanso, kunena zoona, chifukwa foni yanga imajambula bwino.

Makolo athu sanali kudziwa baby shower. Ndi mwambo wa ku America, ndipo kuno wafika kudzera pa Facebook, TikTok ndi mafilimu. Ife tinazolowera kitchen party ya mkwatibwi. Mukaona zithunzi za ku Kabulonga kapena ku Ibex Hill, baby shower ndi mabaluni, keke ya nsanjika, wojambula wolipidwa, ndi onse atavala mtundu umodzi. Ku Kanyama tinapachika vitenge pa waya woyanikira kuti aneba asatione kwambiri, tinabwereka mipando ku tchalitchi, ndipo sipika inali kudalira batire chifukwa malaiti anali atapita m'mawa. Panali mpunga, nkhuku ziwiri, kabichi ndi chigubu cha munkoyo. Mabaluni analipo anayi, imodzi inaphulika tisanayambe.

Mphatso ndizo zinandikhazika pansi. Ine ndinabwera ndi bafa poganiza kuti ndachita zazikulu. Anzake a kunchito anabweretsa ndowa yokhala ndi chivundikiro, botolo la Jik, pulasitiki yakuda yaikulu, thonje, magolovesi, ka clamp ka pamchombo, mapadi, sopo, tochi yaing'ono ndi vitenge 4. Palibe chokongola pa chithunzi. Mayi amene amayang'anira anzake pa shopu, amene onse amawatcha ba supavaiza, ali ndi ana atatu. Ndiwo anatenga kapepala kamene msuweni wanga anapatsidwa ku sikelo, nagawira aliyense chinthu chake chogula. "Tusapato twa mwana tuzabwela," anatero. "Koma ukafika ku labour ward ulibe chitenge na pulasitiki, uzagona pa chani?"

Aliyense amene anaperekezapo mkazi kukachira akudziwa kapepala kameneka. Kubereka pa kiliniki ya boma sikulipitsidwa, ndipo lero Kanyama, Matero, Chawama, Chipata ndi Chilenje ali ndi zipatala zawozawo, moti si nkhani iliyonse imene imathamangira ku UTH monga kale. Koma chikwama cha mayi chimadzazidwa ndi mayi mwini. Onjezani ndalama ya taxi ngati matenda ayamba 02:00 usiku, pamene basi kulibe, ndiponso ngati ndi nyengo ya mvula pamene misewu ina ya mu Kanyama imasanduka mitsinje. Ndiye kapepala kaja sikakhala kakang'ono.

Tili pakati potsegula mphatso, apongozi ake a msuweni wanga anatuluka m'nyumba. Anafika kuchokera ku Katete masiku atatu m'mbuyomo kudzadikira mdzukulu, ndipo palibe amene anawafotokozera bwino za phwandoli. Anauzidwa kuti kubwera alendo a kunchito. Anaima pakhomo, naona tumalaya twa mwana tutakwezedwa m'mwamba anthu akuombera m'manja, nkhope yawo inasintha. Sanakuwe. Anaitana mpongozi wawo, iye anapita nagwada, ndipo tonse tinamva chifukwa sipika anali ataizimitsa. "Amayi, kodi munthu amene simunamuone mwamuvekeratu zovala? Mwaitana mudzi wonse kudzaona mimba?"

Atsikana awiri anayamba kuseka chamumtima. Ine sindinaseke, chifukwa ndi mawu omwewo amene ndinamva pa basi, ndiponso ambuya anga akanalankhula chimodzimodzi. Kwathu kum'mawa pakati sipalengezedwa. Akulu amati mawu akuti "ali ndi pakati" atanthauza kuti munthuyo ali pakati pa moyo ndi imfa. Mkazi wa mimba yoyamba amalangizidwa ndi amayi akuluakulu pa mwambo wa chisamba, kumbali, osati pabwalo. Akabereka amakhala m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa, ndipo pamenepo ndi pamene anthu amabwera kudzaona mwana ndi mphatso. Ena amati ndi mantha a ufiti, ndipo n'zoona kuti mantha amenewo alimo. Koma amayi a msinkhu wa apongozi aja anaona anzawo ambiri akubwerera kuchipatala manja okhaokha. Safuna kuti mwana wawo akafike m'nyumba yodzaza ndi tusokosi pamene mwana palibe. Ine sindingawatche otsalira.

Ba supavaiza ndiwo anakonza zinthu. Anapita nagwada pafupi ndi agogo aja, nawapatsa moni mwaulemu wonse, kenaka anatenga ndowa ndi kuitsegula pamaso pawo. Anatulutsa chimodzichimodzi, Jik, pulasitiki, thonje, nafotokoza kuti izi si za mwana, ndi za mayi, ndipo anamwino ndiwo amazifuna. Agogo anagwira pulasitiki ija, naitambasula, nafunsa ngati imodzi ikwana. Anagwirizana motere: za kuchipatala zitsale m'nyumba, koma chilichonse chimene ndi cha mwana, tumalaya, bulangete, matewera ndi bafa yanga, chichoke pakhomopo tsiku lomwelo, chikasungidwe kwina mpaka mwana atatuluka m'chikuta. Masewera oyeza mimba ndi chingwe, amene atsikana anaona pa TikTok, anafera pomwepo. Palibe amene anawalira kwenikweni.

Nkhani yeniyeni inatuluka titadya. Anzake anamupatsa envelopu ya ndalama yotsala, msuweni wanga anayamba kulira, osati kulira kwa chimwemwe kumene timajambula. Anati abwana anamuuza Lachinayi kuti tchuthi apita, malo ake adzawapeza, koma malipiro sadzakhalapo, chifukwa pa pepala lake wagwira miyezi 21 chabe. Mwamuna wake ndi wowotcherera mageti, ndipo malaiti akavuta nchito imaima. Renti siidziwa matenite.

Apa ndi pamene ndifuna inu amene muwerenga izi pa basi mumvetse bwino, chifukwa pa akazi onse amene tinali pamenepo, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali kudziwa lamulo lonse, ngakhale ine ndinachita kukaliwerenganso. Lamulo la nchito, Employment Code Act nambala 3 ya 2019, pa ndime 41, limapatsa mkazi aliyense wolembedwa nchito masabata 14 a tchuthi cha uchembere akaonetsa kalata ya kuchipatala. Kale anali masabata 12. Nambala ya 14 ndi imene bungwe la ILO linaika mu pangano lake la mu 2000 loteteza amayi pa nchito. Mungayambe tchuthi musanabereke, koma masabata 6 ayenera kukhala a pambuyo pobereka. Akakhala mapasa, amaonjeza masabata 4. Abwana saloledwa kukuchotsani nchito chifukwa cha pakati, ndipo mukabwerera muyenera kupeza nchito yanu kapena ina yosachepera pa imeneyo.

Koma malipiro athunthu ndi a amene wagwira kwa abwana amodzimodzi miyezi 24 mosadukiza tchuthi chisanayambe. Wa miyezi 21 amapita, koma amapita wopanda kanthu, pokhapokha ngati kontrakiti yake kapena mgwirizano wa yuniyoni uli ndi zabwino zoposa pamenepo. Ndiponso ndalamayo imachokera m'thumba la abwana, osati ku NAPSA. Ndiye musadabwe mukamva kuti mabwana ena amayang'ana kaye pamimba asanayang'ane satifiketi. Mwa kuona kwanga, apa ndi pamene lamuloli likali kutsimphina. Malinga ngati shopu ya anthu 8 ndiyo ilipira yokha miyezi itatu ya munthu amene palibe, mkazi wachitsikana adzakhalabe womaliza kulembedwa.

Zina zimene ambiri sadziwa: mukabwerera, kwa miyezi 6 kuchokera tsiku lobereka muli ndi ufulu wa ola limodzi patsiku loyamwitsa, kapena mphindi 30 kawiri, osadulidwa malipiro. Kwa munthu wogwira ku Kamwala mwana ali ku Kanyama, ola limenelo limathera pa basi, ndiye ambiri amapangana ndi abwana kuti aziweruka msanga. Abambo nawonso ali ndi masiku 5 a nchito ngati agwira miyezi 12, ndipo ayenera kuwatenga m'kati mwa masiku 7 mwana atabadwa. Mmodzi wa atsikana atamva zimenezi anati, "Wanga anatenga, koma anayenda nayo ku bar." Ndipo zonsezi ndi za olembedwa nchito. Mayi wogulitsa tomato pa Soweto, kapena wa salaula ku Mtendere, tchuthi chake chimatha tsiku limene ndalama ya mpamba yatha.

Tibwerere ku miyezi 21 ija. Ba supavaiza anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa msuweni wanga kuti anayamba liti kwenikweni. Zinapezeka kuti asanasaine pepala anagwira miyezi 4 akulipidwa pamanja, tsiku lililonse ali pa kauntala yomweyo, kuyambira 08:00 mpaka kutseka. Kuphatikiza zonse ndi miyezi 25. Lamulo limazindikira ngakhale pangano la pakamwa, ndipo limafuna kuti abwana azilemba ndi kusunga mbiri yake. Ngati miyezi 4 ija iwerengedwa kapena ayi, si ine wogamula, ndi nkhani ya ku ofesi ya Labour ngati abwana akana kumva. Vuto ndi umboni. Peyisilipi ya masiku amenewo palibe.

Ndipo apa mtsikana wina, wamng'ono pa onse, amene tsiku lonse anali kudandaula za masewera ake a chingwe, anatulutsa m'chikwama kabuku kachikuto kofiira. Ndi kabuku ka chilimba cha pa shopu, ndipo iye ndiye mlembi. Anatsegula masamba akale, ndipo dzina la msuweni wanga linalimo, ndi deti, ndi siginecha yake, kuyambira mwezi woyamba umene anafika, pepala la abwana lisanabwere. Sindidziwa ngati a Labour amalandira kabuku ka chilimba. Koma ndinajambula masamba anayiwo ndi foni yanga, ndipo pa zithunzi zonse za tsikulo ndi zokhazo zimene ba supavaiza anandiuza kuti ndiwatumizire usiku womwewo. Anati Lolemba adzalowa naye mu ofesi ya abwana, awiri, mwaulemu, kabuku kali m'manja.

Pomwepo anasinthanso mndandanda wa chilimba. Mwezi wamawa unali wa mayi wina wa ku George amene anali kufuna kugula malata. Anangoti, "Malata siyathawa, mupaseni uyu adye." Anagwirizananso kuti pa miyezi imene sadzakhala pa nchito, gawo lake azimulipirira mosinthana, adzabweza akabwerera. Zimenezi sizinakulungidwe mu pepala lonyezimira, ndipo palibe anaziika pa status.

Dzuwa litapendeka agogo a ku Katete anatuluka kachiwiri, ulendo uno ndi mbale ya nsawawa zokazinga zimene anabwera nazo kumudzi. Anapatsa ba supavaiza poyamba. Ndowa anali ataitenga kale, naiika pansi pa bedi lawo, nati chikwama cha kuchipatala adzalongedza okha, ndipo vitenge 4 n'zochepa, adzaonjezapo ziwiri zawo.

Tumalaya ndi bulangete zinapita ku Chawama kwa mlembi wa chilimba. Bafa inakanidwa ndi onse chifukwa cha kukula, ndiye inagwera mwini wake. Ndinakwera nayo basi ya ku tauni, kenaka ina ya ku Kalingalinga, ndipo konse kuwiri ndinalipira mipando iwiri. Tsopano ili pamwamba pa wadiropu yanga, ndipo amayi a nyumba imene ndichita renti aiona kale. Dzulo anandipatsa moni wautali kwambiri, maso ali pamimba panga.