Ndege Yopangira Pakhomo Ifunika Woyesa

Anthu a ku Chitipa anaidziwa ndege kalekale, bomalo likutchedwa Fort Hill, pamene ndege za Wenela zinkatera pabwalo la kumeneko kudzatenga amuna opita ku migodi ya ku Joni. Zonsezo zinali zopangidwa kutsidya kwa nyanja.

M'chaka cha 2016 mmisiri wina wowotcherera zitsulo m'mudzi wa Gobede, kumpoto kwa Lilongwe, anadzipangira helikopita ndi zitsulo zotayidwa, naikamo injini ya njinga yamoto ya 125cc. Akuluakulu anamletsa kuuluka nayo kufikira akatswiri a zandege ataiona. Sanalakwe ayi, pakuti injini yotere ichepa mphamvu ponyamula helikopita ndi mwini wake yemwe. Ndiponso galimoto ikafa iima pambali pa msewu, koma ndege ilibe poima.

Ku America, kumene bungwe la Experimental Aircraft Association linayamba m'chaka cha 1953, munthu aloledwa kudzipangira ndege, malinga agwire yekha ntchito yoposa theka. Ikatha, woyesa wovomerezeka ndi Boma aiyang'anitsitsa, ndipo iyamba yauluka maola ambiri kutali ndi midzi isananyamule mlendo. Mphunzitsi wa ku Misuku kapena ku Nthalire amene ali ndi mwana wa mtima wotere, amlembetse kaye kalata kwa akulu a zandege ku Lilongwe asanadule chitsulo.