Kuphunzitsa kompyuta kuwerenga odwala a ku Mangochi

Kolera yomwe inabuka m'boma la Machinga mu Marichi 2022 inafalikira dziko lonse n'kupha anthu oposa 1,700, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma omwe anavutika kwambiri. M'misasa ya odwala, kupatula madiripi ndi klorini, munali ntchito ina yosaoneka: kulemba mudzi wa wodwala, zaka zake ndi tsiku lomwe anayamba kutsegula m'mimba, kenako kutumiza zonsezi ku ofesi ya zaumoyo pa boma.

Ndandanda zotere sizifika zolongosoka. Kalaliki wina alemba "Monkey Bay", wina "M/Bay", wina "Monkeybay", ndipo kompyuta iyesa ndi malo atatu. Wina polemba deti ayamba ndi tsiku, mnzake ayamba ndi mwezi. Wodwala wotumizidwa kuchokera ku Lungwena kupita ku chipatala chachikulu cha pa boma akhoza kuwerengedwa kawiri. Wokonza izi pamanja amathapo maola, mawa lake n'kuyambiranso, pomwe akuluakulu akudikira kudziwa mudzi woti atumizeko klorini.

Ntchito yobwerezabwereza ngati imeneyi ndiyo ya script. Awa ndi malangizo omwe munthu amalemba kamodzi m'chiyankhulo cha kompyuta, monga Python yomwe Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, kapena R yomwe inabadwira ku University of Auckland ku New Zealand. Mizere yochepa chabe ikhoza kutsegula mafayilo a zipatala zonse, kufananitsa maina a midzi, kuloza odwala olembedwa kawiri ndi kujambula momwe matenda akukwerera. Ikhozanso kutenga yokha malipoti a pamwezi mu DHIS2, pulogalamu ya ku University of Oslo yomwe Unduna wa Zaumoyo umasungiramo ziwerengero.

Koma pali chomwe ophunzira ambiri amachinyozera. Script siyenda payokha. Imatsamira pa mapulogalamu ena olembedwa ndi anthu akutali, monga pandas yomwe imasanja matebulo mu Python, ndipo mapulogalamuwa amasinthidwa kawirikawiri. Ili ngati injini ya boti la ku Malembo: sipeya wa nambala ina salowa, ngakhale aoneke wofanana. Script yomwe inkayenda bwino pa laputopu ya mwini wake imakana pa kompyuta ya muofesi chifukwa mulibe pulogalamu ina, kapena muli yakale. Eni Python atasiya kusamalira Python 2 pa 1 Januwale 2020, ambiri anayenera kulembanso ntchito zawo.

Mankhwala ake ndi osavuta. Wolemba Python amasunga kafayilo kotchedwa requirements.txt, momwe amandandalika pulogalamu iliyonse yofunika pamodzi ndi nambala ya mtundu wake, ndipo chida chotchedwa pip chimawerenga kafayiloko n'kulowetsa zomwezo pa kompyuta ina. Olemba R ali ndi chida cha ntchito yomweyo chotchedwa renv. Kumalo monga Makanjira, komwe netiweki imavuta, mapulogalamuwo angakopedwe kamodzi pa boma n'kunyamulidwa pa flash.

Ngakhale maiko olemera mavuto a zida zakale za pa kompyuta anawagwera. Mu Okutobala 2020, ku England zinadziwika kuti anthu pafupifupi 16,000 opezeka ndi COVID-19 sanalowe m'malipoti pa nthawi yake, chifukwa zotsatira zawo zinkathiridwa m'mtundu wakale wa fayilo ya Excel womwe sulola mizere yoposa 65,536. Yotsalayo inkangotayika popanda chenjezo, ndipo anthu omwe anakhudzana ndi odwalawo anachedwa kufufuzidwa.

Mangochi si mlendo pa nkhani ya ziwerengero. Akatswiri a College of Medicine, yomwe tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, akhala akuchita kafukufuku wa amayi ndi ana ku Lungwena pamodzi ndi anzawo a ku Tampere ku Finland. Luso lomwe lili m'magulu otere likuyenera kufika kwa makalaliki a m'zipatala za Namwera, Nankumba ndi Koche, chifukwa iwo ndiwo amadziwa kuti midzi iwiri ya dzina lofanana ili kwa mafumu osiyana. Pophunzirapo agwiritse ntchito ndandanda zochotsedwa maina a odwala, ndipo script iliyonse isungidwe muofesi pamodzi ndi kafayilo kake, kuti woilemba akasamutsidwa, wolowa m'malo mwake aiyendetse tsiku lomwelo.